Paipi Yaifupi ya Apongozi Anga

Tinawaika a Namakhwa mwezi watha, Lachinayi, kumanda a ku Bangwe. Ndinanyamula nawo bokosi, poti pamaliro a apongozi ntchito zolemetsa zonse ndi za mkamwini, ndipo ndinamvetsera onse amene anayankhula. Mkulu wa mpingo anati tataya Mkhristu weniweni. Nkhalamba ina imene inagwira nawo ntchito ku Limbe inati tataya mmisiri amene azungu a Chitaganya anamupondereza mpaka kumera imvi. Onsewa sananame. Koma pali mawu ochepa amene ndakhala ndikudikira kuti atuluke pakamwa pa apongozi angawo kwa zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo apita nawo pansi. Ndinkafuna anene pagulu kuti dzanja langa silinaterereke tsiku limene a Piyasi, mnzathu wa kuntchito, anathyoka msana.

A Piyasi anali pomwepo pamanda, pa chikuku chawo cha matayala atatu, akulira mosatonthozeka. Nditayandikira kuti ndiponye dothi, anatembenuzira nkhope kumbali, monga achitira nthawi zonse akandiona.

Ndinene kaye za apongozi angawo, chifukwa ndikayamba ndi mkwiyo wanga mudzaganiza kuti anali chilombo, pamene sanali. Makolo awo anachokera kwa Apwitikizi, kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo iwo anakulira m'minda ya tiyi, kumene anaphunzira makina pongoyang'ana, akusesa m'fakitale. Anali aafupi, a mapewa otambalala, ndipo zikhadabo zawo sizinayerepo ngakhale pa Khirisimasi. Tinkagwira ntchito pa kampani imodzi yogulitsa miyala ya kwale ndi mchenga, kumbuyo kwa siteshoni ya sitima ku Limbe, iwo m'galaja, ine pa chiwongolero. Nditayamba kuzungulirazungulira pakhomo pawo chifukwa cha mwana wawo Rozina, sanandifunse za kwathu kapena za sukulu. Anangouza akazi awo kuti munthuyu amalowetsa giya ngati akupotokola khosi la nkhuku, koma aphunzira. Titakwatirana anandipatsa malo kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ndi pamene ndili mpaka lero.

Tepi yoyezera ankaidziwa kuwerenga, koma ankainyoza. Ankati tepi imayenda ngati khwangwala, molunjika, pamene paipi imayenda ngati munthu, imalambalala zitsulo, imapinda maondo, imafuna mpata wotembenukira. M'thumba la ovolosi yawo simunkasowa chingwe cha khonje, chakuda ndi girisi. Akafuna kuyeza paipi ya oyilo ankamanga chingwecho pamene paipiyo iyambire, n'kuchiyendetsa njira yeniyeni imene paipiyo idzadutse, kenako n'kulamula kuti chitsulo chimene chimasuntha chisunthidwe mpaka pothera, uku ndi uku. Pamene chingwe chakungika kwambiri ndi pamene ankamanga mfundo, n'kuwonjezerapo chikhatho chimodzi. Ankati paipi ya labala ndi chamoyo, oyilo akalowamo mwamphamvu imanenepa n'kufupika, ndiye amene waidula ndendende waidula yoperewera. Pa paipi iliyonse pamakhala kamzere koyera kuchokera kumutu mpaka kumchira. Kamzereko kakapotoka pang'ono chabe pomanga, ankamasula zonse n'kuyambiranso, ngakhale belu lowerukira litalira kale. Akadula ndi sowo ankakoka kansalu ka palafini m'kati mwake katatu, kenako n'kuiloza kumwamba, n'kusuzumiramo ndi diso limodzi. Anzawo ankawaseka kuti akufunafuna Mulungu m'paipi, iwo osayankha.

Kusayankhako ndiye kunali matenda awo. Sindinawamvepo akukalipa. Munthu akalimbana nawo ankanena maganizo awo kamodzi kokha, ndipo mukawakanira ankangoti chabwino. Amene ankawadziwa ankaopa chabwino ameneyu kuposa mbama. Pomanga khitchini ya pakhomo, apongozi anga aakazi anaumirira kuti chitseko chiyang'ane kumsewu kuti aziona odutsa. A Namakhwa ananena kamodzi kuti uko ndi kochokera mvula. Mayi anaumirirabe. Chabwino. Anamanga monga momwe mayi anafunira, mwaluso ndithu, n'kukhala chete miyezi inayi. Mvula itabwera, madzi n'kulowa mpaka pa mafuwa, mayi akukolopa ndi misozi, mwamuna wawo anazungulira kuseri n'kugumula njerwa zochepa zimene anangozisanjika popanda matope. Khomo lachiwiri linali litakonzedwa kale tsiku lomwe ankamanga loyamba. Tinaiseka nkhaniyi zaka zambiri pakhomo pano, ndipo ine ndinkaseka kuposa onse.

Pa khadi lawo la ntchito panalembedwa kuti sipanala boyi. Munthu wa zaka makumi asanu, wa zidzukulu, amene mainjini a kampani yonse ankapuma ndi manja ake. Masiku amenewo mapepala a umisiri sankapatsidwa kwa munthu wakuda wamba. Chitaganya chitabwera, sitima inayamba kutitsitsira tianyamata ta chizungu tochokera ku Salisbury, aliyense ndi sutikesi ndi pepala lake, ndipo a Namakhwa ndi amene ankatisonyeza kumene pampu imakokera ndi kumene imalavulira. Pakatha mwezi kamnyamatako kankakhala bwana wawo. Izi zinawadya m'kati, ndipo sindikuwadzudzula. Chimene ndikukana ndi chakuti ululu wawowo aulipiritse anthu ena.

Folomani wa chaka chimenecho tinkamutcha Bwana Tepi, chifukwa tepi yake inkalendewera pa lamba ngakhale popita kuchimbudzi. Chinali chaka chija cha zipolowe, pamene malole ankadutsa mu Limbe atadzaza anthu opita nawo ku kampu ya Kanjedza, ndipo aliyense ankayenda atasunga lilime lake. Kampani inagula thirakitala yolimira ku esiteti ina ya ku Thyolo, n'kuitanitsa mikono iwiri ya chitsulo ndi chidebe chachikulu choti aimange kutsogolo, kuti izinyamula miyala m'malo mwa anthu a mafosholo. Zitsulozo zinabwera m'bokosi pa sitima, koma mapaipi a haidiroliki, odutsa oyilo amene amakankha mikonoyo kuti ikwere, sanabwere nawo. Kunangobwera mkombero umodzi wa paipi yoti tidule tokha. Ine ndi amene ndinasankhidwa kuti ndidzaziyendetsa thirakitalayo, ndipo ndinanyada nazo.

Lachisanu m'mawa tinapachika mikonoyo ku denga la galaja ndi tcheni. Ine ndinkakoka tcheni, apongozi anga ankayeza. Kwezani, akamwini. Kwezaninso. Mpaka pothera. Tsitsani tsopano. Paipi imene inawatengera nthawi inali yaikulu, yochokera pa thirakitala kupita ku masilinda okweza mikono, chifukwa imeneyo ndi imene imasenza chidebe chonse. Anamanga mfundo yawo, n'kuwonjezera chikhatho chawo.

Bwana Tepi anafika mikono ili pansi. Anakoka tepi yake molunjika, n'kulemba mainchi pa chikwama cha ndudu. Ankafuna kuti mkombero uja utsaleko wokwanira thirakitala yachiwiri, kuti bwana wamkulu amuyamikire. Atayerekeza ndi chingwe cha a Namakhwa anapeza kuti chingwecho n'chotalikirapo kwambiri.

"Bwana," anatero apongozi anga, "mikono ikakwera, paipi iyi ipempha zambiri."

Mzunguyo anatenga chingwe chija ndi zala ziwiri, n'kuchikweza kuti tonse tione. M'Chinyanja chake chothyokathyoka anati kwawo zingwe amamangira mbuzi, ndipo anachiponya mu diramu ya oyilo wakutha. Anapatsira a Namakhwa chikwama cha ndudu chija. "Dula apa, boyi."

"Chabwino, bwana."

Madzulo ake tikukwera mtunda wa ku Bangwe, njinga zili m'manja, ndinalimba mtima, ngakhale amati mkamwini asamakule mwendo.

"Bambo, paipi yaikulu ija ndinaiona. Ndi yaifupi."

"Mwayamba kundiphunzitsa ntchito, akamwini?"

"Ayi, bambo. Koma wokhala pampando wa thirakitalayo ndine."

Anaima n'kupukuta thukuta. "Lolemba m'mawa bwana wamkulu abwera kudzaiona ikugwira ntchito. Chidebe chopanda kanthu, bwalo lopanda munthu. Inu mudzakweze mpaka kumwamba, musadzaope. Oyilo akamuwazikira mnyamata uja pa sokosi zake zoyera, pamaso pa bwana wake, ine ndidzatulutsa yanga."

"Yanu iti?"

"Ili pansi pa benchi. Ndadula kale, ndamanga ndi mitu yomwe."

Anaseka, kuseka kumene sindinkakumva kawirikawiri. Ndiulule pano kuti inenso ndinaseka. Ndinkafuna kuona sokosi zija zitada.

Lolemba silinadikire. Loweruka m'mawa panafika bogi ya sitima yofuna miyala, ndipo inayenera kuchoka masana. Bwana Tepi anati palibe chifukwa chotopetsera mafosholo pamene makina aima m'galaja. Anandilamula kuti ndiitulutse. Ndili pampando ndinayang'ana kukhomo la galaja. A Namakhwa anaima pamenepo akupukuta manja ndi kansanza. Anatsitsa chikhatho pang'ono, kundiuza kuti ndisakweze kwambiri. Pakamwa sanatsegule.

Poyamba zinayenda bwino, chifukwa chitseko cha m'mbali mwa bogi chinali chotsegula ndipo ndinkakhuthulira miyala m'munsi. Bogi itayamba kudzaza anatseka chitsekocho, ndipo tsopano chidebe chinayenera kukwera pamwamba pa mpanda wa bogiyo. Ndinakweza theka n'kuima. Mzungu anamenya madigadi ya tayala la thirakitala ndi ndodo yake. "Kweza! Kweza!" Ndinayang'ananso kukhomo la galaja. Panali mapazi makumi awiri okha. Kansanza kaja kanali kataima m'manja mwawo, ndipo ankandiyang'ana. Akanafuula liwu limodzi ndikanazimitsa injini, mzungu akanachita chimene akanachita. Koma kufuula kunali kuvomera kuti ankadziwa. Inenso pakamwa ndinali napo, izo sindikana. Ndinakoka liva, kachitsulo kokwezera chidebe, ndipo mikono inakwera.

A Piyasi anali mmodzi wa anthu a mafosholo, bambo wa ana atatu, woimba kwaya kutchalitchi kwathu. Anaona miyala itatayikira panjanji ndipo anawerama kuti aikokolole, chifukwa anali munthu wosakonda kuona ntchito yauve. Kuchokera pampando sindinawaone. Ndinangomva phokoso ngati la mbama yaikulu, oyilo wotentha n'kundiwaza kumaso, ndipo chidebe chodzaza miyala chinatsika chokha, dzanja langa likadali kukokera m'mwamba.

A Piyasi, amene chidebecho chinawagwera pamsana, anawanyamula pa lole kupita kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Bwana Tepi, nkhope itayera ngati ufa, anathamangira kuofesi kukaimba foni. Ndipo m'kanthawi kameneko ndinaona a Namakhwa akugwira ntchito yofulumira kuposa ina iliyonse pa moyo wawo. Anamasula paipi yoduka ija n'kuilowetsa m'kati mwa ovolosi, anatulutsa yawo pansi pa benchi n'kuimanga, kamzere koyera kali mowongoka bwinobwino, anathira oyilo wina, n'kuwaza mchenga pansi. Ine ndinali nditakhala pa tayala, ndikusanza.

Bwana wamkulu anafika ndi wapolisi wachizungu. Sanafunse folomani wake, chifukwa pansi pa mtima ankadziwa amene amadziwa makina pa kampani yake. Anaitana a Namakhwa ndi dzina lawo lenileni, pamaso pa tonse, n'kuwafunsa chimene chachitika. Ulemu umene anaudikira moyo wawo wonse unabwera tsiku limenelo.

"Mapaipi ali bwino, bwana. Kwezani muone."

Anakweza mpaka kumwamba kakhumi, chidebe chodzaza, ndipo palibe chinadontha. Wapolisi anafunsa za oyilo amene anali pa malaya anga. A Namakhwa anati chidebe chitamenya pansi nati imodzi inamasuka, ndipo aimanga kale. Nanga chinagwetsa chidebe n'chiyani?

"Liva ikakankhidwa kutsogolo, bwana, chidebe chimatsika."

Sanatchule dzina langa, ndipo sanandiyang'ane. Anthu awiri a mafosholo anali ataona oyilo akuthovoka chidebe chisanagwe, koma ndani akanatsutsana ndi a Namakhwa pa nkhani ya mapaipi, komanso pamaso pa wapolisi, chaka chimenecho? Bwana Tepi anangoti kakasi, akuyang'ana paipi yatsopanoyo. Anaizindikira kuti si ya mainchi ake. Anthu awiri amene ankadana kwambiri pa kampani ija anapulumutsana popanda kulankhulana, ndipo ine anandichotsa ntchito tsiku lomwelo. Sindinagwirenso chiwongolero. Zaka zanga zamphamvu ndazithera pa geti la anthu ku Namiwawa, ndili mlonda.

Rozina ndinamuuza zonse mawa lake, akuchapa kuseri kwa nyumba, ali ndi pakati pa mwana wathu wachiwiri. Anasiya zovala n'kugwada m'matope momwemo.

"Mukanena zimenezi, adzati bambo anaononga makina a azungu dala, adzati anatumidwa ndi a chipani. Mukufuna akafere ku Kanjedza?"

"Nanga ine?"

"Inu angokuchotsani ntchito. Anthu aiwala."

Anthu sanaiwale. Ku Bangwe ndinakhala uja anagwetsera mnzake chidebe. Amayi ankakoka ana awo ndikamadutsa ndi njinga. Koma mantha a Rozina anali oona, ndipo ndinakhala chete. Ndinkadziuza kuti zinthu zikadzazizira mdala adzanena yekha.

A Piyasi anatuluka m'chipatala patatha miyezi yambiri, miyendo itafa. Mkazi wawo anapirira chaka chimodzi n'kubwerera kwawo ku Chiradzulu ndi ana, ndipo anawasunga ndi mlongo wawo. Apa ndi pamene a Namakhwa anayamba ntchito imene mpingo wonse ukuwatamandira lero. Anatola matayala a njinga, mpando wa lole yakufa ndi timapaipi ta chitsulo, n'kupanga chikuku, chokhala ndi mabuleki ndi popondetsa mapazi. Pa zogwirira zake ziwiri anavekapo labala wakuda kuti manja asamaterereke. Tsiku loyamba kuchiona ndinauzindikira labalayo, chifukwa kamzere koyera kanali kakuonekabe. Inali paipi yaifupi ija, ataidula pakati.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse ankapita kukawatenga a Piyasi, kuwasambitsa, kuwaveka jekete, n'kuwakankha kutsika nawo kutchalitchi ndi kukwera nawo mtunda pobwerera. Mvula, dzuwa, chiperoni, sanajombepo. Panjira ankakangana za nyimbo za Chilatini ndi za mpira, ndipo munthu amene pakhomo pake ankatha tsiku osalankhula ankamveka akuseka kuchokera kumsika. Ana a sukulu ankauzidwa kuti chikondi cha Chikhristu ndi chimenecho. Ine ndinkayenda kumbuyo kwawo, patali, chifukwa a Piyasi anali atanena kuti safuna mthunzi wanga uwakhudze.

Chitaganya chinatha, mbendera inasintha, Bwana Tepi anali atabwerera kwawo kalekale. Panalibenso wapolisi woti n'kuwatengera apongozi anga ku Kanjedza. Ndinadikira chaka, zaka ziwiri, zisanu. Tsiku lina Loweruka masana ndinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala atagadabuza chikuku, akuthira girisi, ndipo ndinakhala pansi osaitanidwa.

"Bambo, azungu anapita. Muwauze a Piyasi."

Anapitiriza kuzungulitsa tayala, akumvetsera kulira kwake.

"Sindikufuna mupite kubwalo la milandu. Muwauze iwo okha, ine ndili pomwepo. Ana anga akukula ndi dzina la bambo wosasamala."

"Ndikamuuza, adzandilolanso kumukankha?"

"Sindikudziwa."

"Ine ndikudziwa. Sadzandilola. Ndiye adzamukankha ndani? Inu?"

"Ndiye ine ndife nalo dzina limeneli?"

Apa anasiya tayala n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chichitikire ngozi ija. "Inu miyendo muli nayo, akamwini."

Ndinawafunsa ngati anaulula kwa bambo mfumu polapa. Anati zimenezo ndi za iwo ndi Mulungu wawo. Ndinanyamuka, ndipo kwa chaka chathunthu sindinadye pakhomo pawo. Mawu awo aja ndawatembenuza m'mutu mwanga kambirimbiri. Pali choona m'menemo, ndipo n'chifukwa chake amandipweteka. Koma ndinaonanso chimene chinabisala kuseri kwake. Chilango anadzisankhira okha, cha msinkhu umene iwo anaufuna, chimene chinkawabweretsera ulemu pamsewu wonse, ndipo chotsala chimene sanathe kusenza anandisenzetsa ine osandipempha. Munthu amene sankalola kamzere ka paipi kupotoka anakhala zaka zonsezo pafupi ndi moyo wanga wopotoka, akuuona m'mawa uliwonse pa mpanda.

Sindinganene kuti sanandichitire zabwino. Ana anga anaphunzira ndi thukuta lawo pamene malipiro a ulonda sankakwana. Denga la nyumba yanga anakhoma ndi iwo. Munthu akanditchula kuti wosasamala iwo ali pomwepo, sankavomereza, ankangonyamuka n'kuchoka. Ankandipatsa chilichonse chimene manja angapange. Chimene chinkafuna pakamwa anandimana.

Chakumapeto anali atafooka, moti pokwera mtunda sunkadziwa ngati akukankha chikuku kapena chikuku ndi chimene chikuwachirikiza. Atagona osadzukanso, masana ena anatuma Rozina kuti andiitane, n'kuuza onse kuti atuluke. Ndinaganiza kuti nthawi ija yakwana, ndipo ndinali nditayamba kale kuganiza za amene ndingamutume kukatenga a Piyasi.

"Akamwini," anatero ndi mawu otsika, "tayala lakutsogolo limafuna girisi Lamulungu lachiwiri lililonse. Buleki ya kumanzere imagwira msanga, muziyamba ndi ya kumanja. Pa mlatho paja muzitsika chambuyo. Mukamukankhe."

"Sangandilole, bambo, pokhapokha muwauze. Ndikawatenge? Afika dzuwa lisanalowe."

Anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Milomo inagwedera, ndipo ndinasendera pafupi.

"Mawa," anatero.

Mawa lake sankathanso kulankhula, ndipo mkuja wake anatisiya.

Lamulungu loyamba titaika maliro ndinavala jekete langa n'kupita kwa a Piyasi. Ndinawapeza pakhonde, mlongo wawo atawaveka kale, kolona ili m'manja. Ndinapereka moni. Ndinawauza kuti malemu anandituma kuti ndiziwakankha.

"Ndi manja amenewo?"

Ndinagwada pafupi ndi tayala, ine nkhalamba ya imvi, n'kuwauza zonse. Za chingwe, za chikwama cha ndudu, za paipi ya pansi pa benchi, za kuseka kwanga pa mtunda paja. Sindinadzichotsemo. Anamvetsera mpaka pamapeto, osandidula, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti zalowa.

"A Wilisoni," anatero, ndipo aka kanali koyamba kunditchula dzina chichokere m'chipatala, "munali ndi zaka zonsezi zoti munene zimenezi iwo ali moyo, akuyankheni. Mwadikira dothi liwatseke pakamwa. Munanditengera miyendo, ndinapirira. Lero mwabwera kudzanditengera munthu mmodzi yekha amene anandikonda. Chokani pakhomo pano."

Ndinachoka. Sindikudziwa ngati anakana chifukwa sanakhulupirire, kapena chifukwa anakhulupirira.

Popita kutchalitchi ndimadutsabe pamsewu wa kwawo, chifukwa njira ina kulibe. Amakhala pakhonde atavala jekete ndi tayi, chikuku chitayang'ana kumsewu, nthawi yomwe ija ankatengedwa. Zidzukulu za mlongo wawo zinayesa kuwakankha kawiri, koma zimathamanga ndipo sizidziwa miyala ya panjira, ndiye anazikaniza. Kanjira ka matayala atatu kochokera pakhonde kukafika kumsewu kayamba kumera udzu. Tayala lakutsogolo laphwa, ndipo palibe waliona. Anthu amadutsa, amawalonjera, amawauza kuti akawapempherera. Pakati pa chikuku ndi khoma pali mpata wokwana munthu mmodzi wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo a Piyasi salola aliyense kuikapo mpando kapena dengu. Belu likalira kumunsi amawongola tayi, n'kugwira m'mbali mwa mpando ngati munthu amene watsala pang'ono kunyamuka, ndipo amakhala choncho mpaka Misa itatha.